Akufa ali pamthunzi, ana athu akupsa ndi dzuwa

Pa 15 Disembala chaka chilichonse dziko lino limatsegulira nyengo yobzala mitengo, n'kudzaitseka pa 15 Epulo. Mwambo wake tonse timaudziwa. Matenti amakhomedwa, mipando imandandalikidwa, ana asukulu amaima padzuwa kuyambira m'mawa kudikira mlendo wolemekezeka. Akafika amamuyalira thumba kuti asadetse buluku, amagwada, amaika kambande m'dzenje limene wina anakumba dzulo lake, amathirira, amasamba m'manja, anthu n'kuomba m'manja. Madzulo wailesi imalengeza kuti chaka chino tibzala mitengo mamiliyoni akutiakuti. Ndiye pofika Okutobala dzapiteni pamalo pomwepo. Mukapeza fumbi, timachubu takuda tikuuluzika ndi mphepo, ndi mbuzi zili gone kubzikula.

Limeneli ndi bodza, ndipo ndatopa nalo. Mbande imene yalowa m'nthaka lero sinakhale mtengo. Takhala tikubzala chomwechi kuyambira nthawi ya Kamuzu, pamene kunali tsiku lobzala mitengo m'mwezi wa Januwale, ndipo zikanakhala kuti zonse zija zinakula, bwenzi lero tikusowa poponda. M'malo mwake phiri la Ndirande lili mbee, Soche wametedwa, ndipo ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene anthu a mu Lilongwe amamwa, zinafika poti boma litumizeko asilikali kukalimbana ndi ootcha makala. Ndi ochepa amene amaimirira pa wailesi kutiuza kuti mwa mbande za chaka chatha zapulumuka zingati. Funso limeneli amaliopa chifukwa yankho lake ndi lochititsa manyazi.

Dziko lathu linalonjeza, pansi pa mgwirizano wa maiko a mu Africa wotchedwa AFR100, kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni. Lonjezolo ndi labwino, ndipo ndikufuna likwaniritsidwe. Koma mwana wa ku Mbayani, ku Bangwe, ku Mtandire kapena ku Mchengautuwa sakhala pansi pa lonjezo. Amaphunzira pabwalo lopanda ngakhale tsamba limodzi, mutu ukuwawa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo akaweruka amadutsa pa mtaya wonunkha pamalo pamene mapu a khonsolo amati ndi posewerera ana. Chimene ndikupempha n'chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi mahekitala mamiliyoni aja. Ndikufuna kuti pasukulu iliyonse, patchalitchi ndi pamzikiti uliwonse, pachipatala chilichonse ndi pamalo aliwonse a khonsolo amene angokhala, pabzalidwe kankhalango kakang'ono kothithikana ka mitengo yathu yachilengedwe, ndipo malowo azunguliridwe ndi mpanda wamoyo.

Wina asandiuze kuti zimenezi n'zachilendo. Kwerani basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Dedza, muziyang'ana pawindo. Minda ili yeretsu mpaka kumene maso alekeza, kenaka mwadzidzidzi mukuona kachitsamba kakuda bii, mitengo italukanalukana, mbalame zikulowa ndi kutuluka. Simufunsanso kuti n'chiyani. Ndi manda. M'madera ambiri a chigawo chapakati, manda ndiwo malo okhawo amene atsala ndi mitengo imene makolo athu anaipeza. Palibe bungwe limene linapereka ndalama, palibe mlonda wolipidwa, palibe chikwangwani. Chilipo ndi lamulo la mfumu ndi ulemu wa anthu: kumanda sikulowedwa wamba, nkhwangwa siigwirako ntchito popanda chilolezo, moto sufikako. Kachigawo kochepa ka nthaka, kakangotetezedwa, kamasunga mitengo yamitundumitundu, mankhwala, njuchi ndi chinyezi, pamene ponseponse pozungulira pauma gwa.

Tsono ngati tikudziwa kusungira akufa mthunzi wotere, n'chifukwa chiyani tikuwamana amoyo? Funso limeneli limandiwawa mumtima. Agogo athu agona pozizira, zidzukulu zawo zikukomoka pamzere wa asembule. Nzeru tili nazo, mwambo tili nawo, koma tinaganiza kuti kutauni n'kwa simenti, ndipo chitsamba n'chizindikiro cha umphawi.

Chimene ife timangochidutsa pa basi, munthu wina ku Japan anachiyang'anitsitsa n'kupangapo njira imene lero ikutsatidwa m'maiko ambiri. Akira Miyawaki, katswiri wa zomera amene anabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 2021, anaona kuti mitengo yeniyeni ya dziko lake inatsala pozungulira tiakachisi ndi malo opembedzera okha, pamene kwina konse kunali mitengo yobzalidwa kuti achekemo matabwa. Anaphunzira timankhalango timeneti, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayamba kubzala tofanana nato pozungulira mafakitale, kuyambira ku kampani ya zitsulo ya Nippon Steel. Njira yake siyovuta kuimva. Choyamba umafufuza mitengo imene inkamera yokha pamalopo anthu asanaononge. Umatipula nthaka mozama n'kuisakaniza ndi manyowa. Umabzala mitundu yambiri nthawi imodzi, yaitali, yapakati ndi zitsamba, mosakaniza, mbande zitatu kapena kuposerapo pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Umaphimbira pansi ndi udzu kapena mapesi. Umathirira ndi kupalira kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka umaisiya.

Mlangizi wa zankhalango amene anazolowera kubzala paini m'mizere, mamita awiri kapena atatu pakati pa mtengo ndi unzake, akamva izi amagwedeza mutu. Koma cholinga chake n'china. Iye akufuna thabwa, ife tikufuna chitsamba. Mbande zikayandikana zimalimbirana dzuwa ndipo zimathamangira kumwamba. Masamba akakumana pamwamba, pansi pamakhala mthunzi, udzu umalephera kumera, chinyezi sichithawa msanga, masamba ogwa amawolera pomwepo n'kusanduka chakudya cha mizu. Ina imafa, inde, ndipo ziyenera kutero, koma malo ake amatsekedwa ndi inzake. Mbande imene yaima yokhayokha pakati pa bwalo, mphepo, mbuzi, chiswe ndi mpira wa ana zonse zimalunjika pa iyo. N'chifukwa chake za pamwambo zija sizifika Okutobala.

Njira imeneyi inafika ku India kudzera mwa Shubhendu Sharma, injiniya wa kampani ya Toyota amene anasiya ntchito n'kuyamba kubzala nkhalango zotere. Ku Netherlands anabzala yoyamba mu 2015 ku Zaandam, ndipo ku Britain bungwe la Earthwatch linabzala yake yoyamba ku Witney mu 2020. Muyezo umene amatsata kumeneko ndi mitengo pafupifupi 600 pa malo a mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Malo amenewo safika ngakhale theka la bwalo la netiboli. Ndi sukulu iti m'Malawi muno imene ingalumbire kuti ilibe kangodya kotere? Ndi mpingo uti umene uli ndi malo oimikapo galimoto makumi asanu koma ulibe pobzala mbawa?

Pamtundu wa mitengo ndiye pamene ndikufuna tikangane bwinobwino. Tinalodzedwa ndi bulugama. Mtengowu unachokera ku Australia, malaina ku Asia, jakaranda ku South America, ndipo paini amene wadzaza Chikangawa ndi Zomba si wathunso. Sindikuti izulidwe yonse. Bulugama ali ndi ntchito yake: milimo, mapolo, nkhuni, ndipo dziko limene mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni ndi makala silinganyoze mtengo wokula msanga. Abzalidwe kumunda wa nkhuni, kutali ndi mitsinje. Koma kaimeni pansi pa bulugama muone ngati pamera kanthu. Mvetserani ngati mukumva mbalame. Funsani amayi amene amatunga madzi pachitsime chapafupi. Tikamati tabwezeretsa chilengedwe pobzala mizere ya bulugama tikudzinamiza tokha.

Mitengo yathu ilipo, ndipo ili ndi maina amene ana athu a m'tauni sakuwadziwanso. Mthethe umakula mofulumira ndipo umakonza nthaka yoguga. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndiye umapereka mthunzi pa nthawi yeniyeni imene dzuwa likuswa mtengo. Mbawa, mwimbi, katope ndi mkuyu zimakonda m'mbali mwa madzi, ndipo ndiyo imene inayenera kukhala itaima m'mphepete mwa Mudi, Naperi, Lingadzi ndi Lunyangwa m'malo mwa zinyalala ndi maenje a mchenga. Kachere ndi mlombwa sizilira n'komwe nazale: umadula nthambi yokhwima, kuizika, n'kuphuka. Onjezanipo msambamfumu, muwanga, chitimbe, mvunguti, naphini. Ndiye kuli ya zipatso, imene ingapangitse mwana kukonda nkhalango yake popanda womuuza: masuku, matowo, mpoza, nthudza, maye, maula, bwemba. Mwana amene anatolapo masuku pasukulu yake sadzalola munthu kubwera ndi chikwanje.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati mitengo yachilengedwe imachedwa. Ina imachedwadi. Mombo, tsamba ndi mchenga zimatha zaka zikukulitsa mizu pansi pamene pamwamba pakuoneka ngati palibe chikuchitika, ndipo masuku samera bwino popanda dothi lotapa pansi pa masuku anzake, chifukwa mizu yake imadalirana ndi bowa wa m'nthakamo. Amene amalengeza kuti njira ya Miyawaki imapanga nkhalango ya zaka 100 m'zaka khumi akugulitsa malonda, ndipo ife tisawatsatire. Kuno kwathu mvula imasiya mu Epulo n'kudzabwera mu Novembala, ndiye popanda wothirira m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri palibe chimene chingapulumuke. Koma kuchedwa kwa mtengo ndi chifukwa choubzalira lero. Mbawa zimene anthu anazilira pamene zinkagwetsedwa mu Lilongwe mu 2021 pokuza msewu wa Kenyatta anazibzala ndi anthu amene ankadziwa kuti mthunzi wake adzakhalapo ndi ena.

Adzatinso m'chitsamba mudzabisala akuba, mudzadzaza njoka, anthu azidzadzithandiziramo. Taonani kaye malo amenewo mmene alili lero. Kodi pa mtaya paja palibe makoswe, ndipo pamene pali makoswe njoka zimasowa? Kodi m'chigwembe chodzaza mapepala apulasitiki ndi madzi oima simuswana udzudzu? Kodi achifwamba akudikira mitengo kuti ayambe kulanda mafoni? Malo amene alibe mwini ndiwo amaitana zoipa zonse. Kankhalango ka mamita makumi awiri, kokhala ndi mpanda, chipata, ndi kalasi imene imakasamalira, kamakhala ndi maso ambiri kuposa bwalo lopanda kanthu.

Ndipo apa pali nkhani imene akuluakulu safuna kuti tiikambe. Malo opanda kanthu m'mizinda yathu amatha. Lero ana akusewerapo mpira, mawa mupeza zikhomo, mkuja maziko, ndipo mukafunsa akuuzani kuti mapepala alipo. Madobadoba sagona. Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anakonzedwa kuti akhale mzinda wa mitengo ndi mipata yopumira pakati pa madera. Mipata ija yasanduka maploti, malo omwetsera mafuta ndi mashopu, ngakhale m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Nkhalango ya Lingadzi pakati pa mzinda yapulumuka chifukwa ili ndi dzina, malire ndi anthu oilankhulira. Bwalo lopanda kanthu limagulitsidwa usiku popanda wodziwa. Koma pamene ana 300 anabzala mitengo ndi manja awo, makolo awo akudziwa, mfumu ya deralo inaikapo mawu, pamenepo wobwera ndi thirakitala adzayenera kuyankha mafunso a mudzi wonse. Kubzala ndi njira yolembera dzina la anthu pamalo awo.

Za mipanda ndiye zimandipsetsa mtima koposa. Munthu akangopeza kangachepe, choyamba ndi mpanda wa njerwa wotalika kuposa nyumba, magalasi oswa pamwamba. Masukulu ndi mipingo ikusonkhetsa anthu osauka ndalama zomangira makoma. Njerwa zambiri za mipandayo zinapsa ndi mitengo ya m'nkhalango zathu monga Dzalanyama, Michiru kapena Zomba. Boma linaletsa mu 2018 kugwiritsa ntchito njerwa zootcha pa zomangamanga zake ndi zina zikuluzikulu, koma mauvuni akufukabe m'mbali mwa misewu yathu yonse. Khoma limasunga kutentha masana n'kukutulutsa usiku. Mvula ikagwa limatchinga madzi, limawakankhira kwa mnansi wakumunsi, ndipo likakhuta limagwa, nthawi zina pa anthu. Makolo athu ankatchinga makola ndi madimba ndi nkhadze, minga ndi mitengo yozika. Nkhadze pasukulu ayi, chifukwa utomoni wake umapweteka maso a ana, ndipo lantana, amene ena amamukonda chifukwa cha maluwa, ndi mliri wolanda nthaka umene sitiyenera kuufalitsa. Koma nthudza ndi masau zili ndi minga yoti mbuzi kapena wakuba aganize kawiri, ndipo zimabala zipatso. Zibzaleni m'mizere iwiri moyandikana, muzizidulira kuti zichite nthambi kuyambira pansi, pakatipakati muzikemo mlombwa kapena kachere, kumunsi kwake mzere wa vetiva wogwira dothi. Mpanda wotere umatchinga fumbi, umamwetsa madzi m'nthaka, ndipo umakhala njira imene mbalame, njuchi ndi agulugufe amayendamo kuchoka pa kankhalango kena kufika pa kena. Sufuna thumba la simenti ngakhale limodzi.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ndipo mazana ena sanapezeke mpaka lero. Sindingaime pano n'kunena kuti timankhalango ta pasukulu tikanaletsa zimenezi. Mvula ija inali yoopsa, ndipo phiri lofuna mitengo masauzande silingachiritsidwe ndi mbande 600. Mapiri athu akufuna lamulo la nkhalango, lija la 1997 limene linakhwimitsidwa mu 2020, ligwire ntchito pa mwini lole ya makala osati pa wa njinga yekha. Akufunanso magetsi ndi gasi wotsika mtengo kuti mayi wa ku Ndirande akhale ndi pothawira. Koma madzi amene anasefukira ku Mtandire mu 2017, ndi amene amalowa m'nyumba za m'makwalala athu chaka ndi chaka, amachuluka chifukwa dontho lililonse logwa pa malata, pa simenti ndi pa nthaka yogogomezeka limathamangira kumtsinje nthawi imodzi. Malo aliwonse amene madzi angaime n'kulowa pansi amachepetsa ukali wa mtsinje kumunsi. Komanso anthu amene anakula osadziwa mtengo wachilengedwe sangamenyere nkhondo phiri. Woteteza Michiru wa mawa akuyenera kuyamba ndi mpoza wa kuseri kwa kalasi yake.

Pamene pali zitsa zamoyo, ntchito ndi yopepuka koposa. Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi mothandizidwa ndi Tony Rinaudo anayamba kusamalira mphukira za pazitsa m'malo mozitentha: kusankha ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudulira zinazo, kuziteteza ku ziweto ndi moto. Mwa njira imeneyi mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, m'dziko louma kuposa lathu. M'mbali mwa mapiri athu ndi m'malire mwa masukulu ambiri akumidzi mizu ikadali moyo pansi. Imangofuna kuti tileke kuitentha posaka mbewa.

Tsono ndikulankhula nanu, a khansala. Muli ndi mapu a wodi yanu. Tulutsani mndandanda wa malo onse a anthu, muupachike pamsika kuti aliyense awerenge, ndipo musankhe amodzi chaka chino. Aphunzitsi aakulu, musadikire bungwe. Ana anu amadya masuku, matowo ndi bwemba n'kutaya nthangala panjira. Auzeni azibweretsa, mapaketi a shuga ndi a mkaka akhale machubu, kalasi iliyonse ikhale ndi chigawo chake ndi tsiku lake lothirira, ndipo pa holide makolo a komiti agawane masabata. Abusa ndi mashehe, mumalalikira za chilengedwe cha Mulungu mutaima pabwalo limene mwalisesa mpaka kulisiya lopanda udzu ndi umodzi womwe. Mafumu athu, mphamvu imene mumatetezera manda ndi yomweyo imene ingateteze nkhalango ya amoyo: lankhulani, ikani chindapusa kwa wolowetsa mbuzi ndi woyatsa moto. A dipatimenti ya zankhalango, nazale zanu zikhale ndi mthethe, mbawa ndi msambamfumu wochuluka ngati mmene mumachulukitsira bulugama, ndipo azigogo odziwa mitengo ndi asing'anga afunsidwe kuti pamalo pano pankamera chiyani, iwo asanapite ndi nzeru zawo.

Makampani amene mumabwera ndi matisheti ndi zikwangwani, ndalama ya tenti ndi zakumwa za tsiku limodzi ingalipire munthu wothirira kwa chilimwe chonse. Ngati simungalonjeze zaka zitatu, musabwere. Atolankhani anzanga, tileke kujambula mwambo wa Disembala ngati sitidzabwerera mu Okutobala kukawerenga zimene zatsala, ndi kusindikiza chiwerengerocho pamodzi ndi dzina la amene anagwada pa thumba uja.

Inu amene mukuwerenga, pali malo ena pafupi ndi kwanu amene mumawadutsa tsiku lililonse mutatseka mphuno. Kafunseni kwa amfumu kapena kwa khansala kuti ndi a yani. Ngati ndi a anthu, itanani anansi anu, yezani mamita khumi ndi makumi awiri, yambani kukumba ndi kuthira manyowa mvula isanagwe, ndipo mpanda ukhale woyamba kubzalidwa.